Njerwa ya Phazi la Mbuzi

Ine, amene makasitomala amanditcha Mayi a Miyala, wa zaka 43, wokhala kuseri kwa msika wa matabwa, ntchito yanga yosalaza ndi kuwalitsa miyala, ndikupereka umboni uwu mwa kufuna kwanga. Ndi wokhudza alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga, amene ali m'chitolokosi muno powaganizira kuti anaba mwala.

Ine ndi amuna anga tinkagwira ntchito limodzi mu shedi ya malata yomwe ili pambali pa nyumba yathu. Iwo ankadula, ine ndinkasalaza. Makasitomala athu ndi anthu osunga miyala yokongola m'makabati a galasi. Saivala, samangira kanthu, amangoiyang'ana basi. Alamu anga ndi telala. Za miyala sadziwa kanthu, ku shedi ankangobwera kudzamwa tiyi ndi kudandaula phokoso.

Kumayambiriro kwa mwezi watha, Lachiwiri m'mawa, anabwera bambo amene akudandaulawa. Ife timawatcha a Kagalasi, chifukwa mwala uliwonse amauyang'ana ndi kagalasi ka pa diso, nthawi zina ndi munthu yemwe. Anabweretsa mwala wa rodonaiti wokulunga m'thaulo, waukulu ngati zibakera ziwiri. Kunja unali wakuda bii, rodonaiti imatero ikakhalitsa. Amuna anga anaupala pakona n'kuuthira madzi, ndipo panaoneka kufiira kwake, ngati nyama ya pa butchala, ndi timitsempha takuda. A Kagalasi anati anaugula kunja kwa dziko lino ndipo wina wotere sadzaupezanso. Ankafuna udulidwe pakati, mbali ziwirizo ziwalitsidwe, akaziike moyang'anana mu kabati. Amuna anga anati, "Bwana, mwala uwu ndi wamanyazi, sufuna kuuthamangira. Tiupatse nthawi."

Ndifotokoze mmene timadulira, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Mwala wopanda mbali yosalala sugwirika pa macheka. Ukasuntha pang'ono umasweka, ndipo rodonaiti sichedwa kung'aluka. Choncho amuna anga ankauika m'chikombole choumbira njerwa zikuluzikulu, n'kuthira simenti mpaka mwala wonse ubisike. Ikauma ankadula njerwa yonseyo, mwala uli m'kati. Simenti ikatsala ankaumbira njerwa wamba m'chikombole chomwecho, n'kumaziunjika kuseri kwa chitseko. Ankati adzamangira ana chipinda. Ana anakula mpaka kuchoka, chipinda chili pakamwa. Kuti asasokoneze, njerwa yokhala ndi mwala ankaidinda ndi chala chamanthu simenti ikadali yofewa. Chala chawocho chinali chong'ambika pakati, macheka anachidya kalekale, ndiye chidindo chake chimaoneka ngati phazi la mbuzi. Za chizindikirochi tinkadziwa awiri tokha.

Lachitatu anaumba njerwa ya a Kagalasi ine ndikuona. Anaidinda, itagwira anaisanjika pamwamba pa mulu kuti mphepo iziiomba.

Loweruka la mlungu womwewo, chakumasana, amuna anga anagwa pafupi ndi macheka. Anali akutsokomola kwa nthawi yaitali chifukwa cha fumbi la miyala. Tinawatengera kuchipatala pa galimoto ya aneba. Anamwalira Lolemba m'mawa. Mawu awo omaliza amene ndikuwakumbuka bwino ndi akuti, "Mpope wa madzi uja wazimitsa?" Ndinati ndazimitsa.

Makiyi a shedi ndinawapereka kwa alamu, chifukwa ndi amene ankayendetsa za maliro. Dothi la kumandako ndi lamchenga, limagumuka, ndiye dzenje amalimangira njerwa m'kati. Alamu anabwera pomwe ndinakhala, anagwada, n'kunena kuti, "Mlamu, njerwa za achimwene zija titenge. Chipinda ankanena chija apeze chomwechi." Azimayi ena anaseka pang'ono. Ine ndinavomera ndi mutu. Za mwala sizinandibwerere m'maganizo.

Tsiku loika maliro ananditengera m'mphepete mwa dzenje kuti ndiponye dothi. Sindinayang'ane bokosi. Ndinayang'ana khoma. Kumutu, chakumanja, pamwamba pang'ono pa bokosi, ndinaona phazi la mbuzi lija. Ndinangoti mumtima, chala chawo icho. China sindinaganize. Kenako anayala malata, anathira konkire, anakwirira.

Maliro atatha mkulu wanga ananditenga kukakhala kwawo, ulendo wa theka la tsiku pa basi. Foni ndinkaisiya yozima. Zomwe zinachitika ine kulibe ndikunena monga mmene anandiuzira akazi a alamu. A Kagalasi anabwera kudzapepesa maliro, atatha anafunsa za mwala wawo. Alamu anatsegula shedi, anafufuza m'mabokosi onse, sanapeze mwala wakuda kapena wofiira wa msinkhu umenewo. Anayankhana mokweza. Aneba ena anauza a Kagalasi kuti anaona alamu akutulutsa katundu mu shedi pa wilibala maliro ali m'nyumba. Anaonadi, koma zinali njerwa. A Kagalasi anabwera kuno kupolisi kudzadandaula, ndipo alamu anawamanga ali pa makina awo osokera, makasitomala akuona.

Dzulo m'mawa apongozi anga anaimba pa foni ya mkulu wanga kundiuza kuti alamu amangidwa chifukwa cha mwala wa a Kagalasi. Ndinakwera basi, ndinafika chakumasana. Ndinatenga makiyi kwa akazi a alamu n'kutsegula shedi. Ndinalunjika kuseri kwa chitseko. Panali posesedwa, patatsala chikombole chokha. Ndinakhala pa mpando wa amuna anga. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira khoma lija.

Ndinapita kwa mmisiri amene anamanga manda, amakhala mumsewu wathu womwewo. Ndinafunsa ngati njerwa zinatsalako. Anati, "Mayi, zonse zinalowa. Ina inali yolemerako kuposa zinzake, ndinaiika kumutu kuti igwire bwino. Kodi ndinalakwitsa?" Ndinati ayi, munamanga bwino. Mmisiriyu ali panjapa, mutha kumufunsa.

Kuchoka apo ndinapita kwa a Kagalasi. Anandilandira pa khonde. Ndinawafotokozera zonsezi. Kagalasi kali m'manja, anati, "Mayi, ndikufuna ndikukhulupirireni. Koma munthu akati chinthu chili m'manda, amadziwa kuti palibe angapite kukaonamo." Anati mlandu sauchotsa pokhapokha mwala auone ndi maso awo. Sanandinyoze. Anandiperekeza mpaka pa geti.

Dzuwa lisanalowe ndinafika kwa apongozi. Ndinawapeza akupinda bulangete loti abweretsere alamu kuno. Ndinawauza komwe kuli mwala, ndi zimene a Kagalasi ananena. Anamaliza kupinda, analiika m'jumbo, anamanga. Anati, "Mwananga, mwini manda ndinu. Ine ndinabala awiri. Musandiuze kuti ndisankhe."

M'mawa uno ndabwera ndekha. Alamu ndawaona pa zenera la chitolokosi. Andifunsa ngati ndadya, komanso ngati wina wakavundikira makina awo, poti denga la shopu limadontha. Za njerwa sindinawauze. Ndikupempha kuti ndikawauze ndine.

Alamu anga sanabe mwala. Amuna anganso sanaugulitse, monga ena ayamba kunenera kumsika. Mwala wa a Kagalasi uli m'njerwa ya simenti, m'khoma la manda a amuna anga, kumutu, chakumanja. Wapolisi amene akulemba izi wandifotokozera zimene zimafunika kuti manda atsegulidwe, ndipo wandifunsa kawiri ngati ndamvetsa. Ndamvetsa, ndipo ndikuvomera. Wandifunsanso ngati ndikufuna kupuma kaye kapena kumwa madzi. Sindikufuna. Sindikumva kanthu.

Ndikupempha kuti pochotsa njerwayo asamenye ndi nyundo, chifukwa mwala ung'aluka m'kati. Agobe pang'onopang'ono simenti yolumikiza, aisolole yathunthu, aikepo ina. Kudula ndidzadula ndine, a Kagalasi ndi apolisi ali pomwepo, ndipo ndidzawalitsa mbali zonse ziwiri monga tinapanganira. Kachidutswa ka simenti kokhala ndi chala musakalembe pa katundu wa a Kagalasi. Kameneko si kawo.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo ndi momwemo.

Saini ya mboni: ____________________