Dzina limene ndinasintha pa mndandanda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Chia. Kwa zaka zinayi ndinasenza imfa ya munthu mumtima mwanga osauza aliyense, ndipo lero ndati ndikuuzeni mmene Mulungu ananditulira.

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ndinali msilikali, koma mfuti sindinkaigwira kawirikawiri. Ndinali kalaliki. Ndinkalemba matumba a ufa ndi nyemba, migolo ya dizilo, ndiponso mayina a asilikali operekeza lole yopititsa chakudya kwa anzathu olondera njanji. Tsiku lina mnzanga anandichonderera kuti ndimuchotse pa mndandanda, ati mutu ukumuwawa. Ndinafufuta dzina lake n'kulembapo la Kondowe, bambo wofatsa wa ku Nkhunga, amene anali atangofika kumene kuchokera ku ulendo wina. Lole ija inaponda bomba lokwirira, ndipo Kondowe anafera pomwepo. Kalata yodziwitsa mkazi wake ndinaitayipa ndine ndemwe.

Nditasiya ntchito chaka cha chisankho cha matipate, ndinabwerera kwathu kudzalima mpunga. Anthu ankati tsopano aliyense ali ndi ufulu wolankhula, koma ine pakamwa panali potseka. Ngakhale mkazi wanga sankadziwa. Minibasi ya ku Dwangwa, kufupi ndi Nkhunga, sindinkakwera, kuopa kukumana ndi abale a malemu. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, Mgonero ukamayamba n'kutuluka. Pemphero langa linali limodzi lokha: "Ambuye, mphamvu yopitira kwa mkazi wa Kondowe ndilibe. Chitanipo kanthu Inuyo."

Tsiku lina ndikupuntha mpunga pabwalo, panafika mayi wina atagwira kalata yothimbirira. Anali a NyaLongwe, mkazi wa Kondowe. Anafunsafunsa kwa asilikali opuma mpaka anamva kuti wotayipa kalatayo amakhala ku Chia.

"Bambo, sindinabwere ndi mlandu," anatero. "Bokosi linabwera lokhoma kale, nkhope sitinaione. Ndikungofuna munthu amene anawaona masiku omaliza."

Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, za dzina lija zomwe, mkazi wanga akumva. Mayiwo analira nthawi yaitali, kenako ananyamuka osatsanzika. Ine ndinati basi, ndawapweteka kachiwiri.

Patatha milungu iwiri anabweranso. Anati, "Kukhululuka kwandivuta, koma ndapemphera. Bomba lija simunatchere ndinu. Mubwere ku Nkhunga mudzawauze ana za bambo awo, poti za kuntchito kwawo ine sindizidziwa."

Ndinapita. Ana awo atatu anandifunsa ngati bambo awo ankaopa nkhondo. Ndinawauza zoona, kuti tonse tinkaopa, koma Kondowe yekha ndiye ankaimba nyimbo za Chitonga pokweza matumba, mpaka enafe n'kuyamba kuseka.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira munthu yemweyo amene ndinkamuthawa. Inu amene mwasenza chinthu chosakambika, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale lamantha ngati langa. Lotero lomwe Ambuye amalimva.