Mawu Amene Anasiyira Amuna Awo

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1950, ali oyamba m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Bambo athu ankagwira ntchito ku positi ofesi, ndipo ndi iwo anawapatsa dzina loti Wailesi, ati chifukwa mwanayu akayatsidwa m'mawa panalibe wodziwa pozimitsira.

Sukulu anayamba mu 1957. Atamaliza sekondale anaphunzira kutayipa, ndipo mu 1969 analembedwa ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi. Masana ankatayipa makalata, Loweruka ankayimba pa hotela ina ya m'tauni. Mayi athu sizinawasangalatse. Tsiku lina anapita kuti akawatulutse, koma anakhala pampando wakumbuyo mpaka nyimbo yomaliza, ndipo za kuwaletsa sanazitchulenso.

Pa hotela yomweyo panali mnyamata wokonza magetsi. Oyimba anzawo ankadabwa kuti maikolofoni ya malemu yokha ndiyo inkafa sabata iliyonse. Zinadziwika pambuyo pake kuti wokonzayo ankamasula dala kawaya kuti aziyitanidwa. Ameneyo ndiye alamu anga. Anamanga banja pa 14 Seputembala 1974, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Mu 1976 malemu anasiya ntchito ya mu ofesi, nayamba kudya za m'mawu awo. Anatulutsa zimbale zinayi za nyimbo zovina, ndipo ambiri a imvi muli pano munang'amba nazo nsapato. Mu 1993 anatsika pa siteji, nayamba kuphunzitsa ana kuyimba pa balaza la nyumba yawo. Ankati zoyendayenda zawakwana, akufuna azidya chakudya chamadzulo ndi amuna awo.

Mu 2014 alamu anayamba kuiwala. Poyamba tinkaseka, makiyi akapezeka mu firiji. Kenaka anaiwala njira ya kusitolo, mayina a ana, mpaka nkhope zathu. Dzuwa likamapendeka ankavala jekete, kulimbana ndi chitseko, ati akupita kwawo, ali m'nyumba yomwe anamanga okha. Chowakhazika pansi chinali chimodzi. Malemu ankayima pakhomo la khitchini n'kuyamba kuyimba motsitsa nyimbo zachikondi zimene ankayimba kumapeto kwa dansi ali atsikana. Alamu ankasiya chitseko, kuvula jekete, n'kuwayitana dzina.

Mu Okutobala 2018 mawu a malemu anayamba kusasa. Kuchipatala anapeza khansa pakhosi. Adokotala ananena kuti opaleshoni ichitike msanga, ndipo sanabise kuti malemu akadzatuluka m'chipinda cha opaleshoni sadzayimbanso, ngakhale kuyankhula. Malemu anapempha kuti awadikire kaye. Adokotala anakana, ana analira, ine ndinawakalipira ngati ndine wamkulu. Anandiyankha kuti mawu akapita, munthu uja kunyumba atsala ndi alendo okhaokha, ndiye ayenera kumusiyira kanthu.

Anayitana anzawo akale amene anali adakali moyo, woyimba piyano ndi awiri a malipenga, kuti ajambule chimbale cha nyimbo zachikondi zija. Ana amene anawaphunzitsa pa balaza paja, ena tsopano aphunzitsi a nyimbo, anabwera ndi mavayolini, mpaka situdiyo inachepa, ena kukhala pa makatoni. Malemu ankayimba atakhala pansi, botolo la madzi ofunda lili pamiyendo. Tsiku lina nyimbo imodzi inkawatha mphamvu zonse, tsiku lina mawu sankatuluka n'komwe, oyimba n'kupakira zida kubwerera. Mukamvetsetsa nyimbo yomaliza, pali malo amene mawu akuthyoka. Wojambula anafuna kuti abwereze. Iwo anakana, ati amuna awo amawadziwa ndi mawu omwewo.

Chimbalecho chinatuluka mu Meyi 2019. Chinamveka pa mawailesi, m'magalimoto, ndipo ena mwa inu munavina nacho pa tsiku la ukwati wanu. Atolankhani analemba kuti woyimba wakale wabwerera. Sanadziwe kuti pamene ankalemba, mwini wake anali chigonere m'chipatala, khosi lili m'mabandeji. Adokotala anatiuza kuti miyezi yodikira ija inapatsa matenda mpata. Malemu anamva zimenezo ndi makutu awo, ndipo sitinawaonepo akudandaula.

Malemu atabwerera kunyumba opanda mawu, alamu sanawazindikire. Ankawayesa namwino, ndipo ankawathokoza mwaulemu akawabweretsera tiyi. Tinkawaona malemu akutembenukira kukhoma kupukuta misozi. Koma madzulo ankayika chimbale chija, kukhala pambali pa amuna awo ndi kuwagwira dzanja. Nyimbo ikafika pakati, alamu ankawayang'ana nkhope nthawi yayitali, kenaka n'kuwafunsa kuti anali kuti tsiku lonse. Anakhala choncho zaka zinayi.

Mu Janyuwale chaka chino matenda anafika m'mapapo. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, kachiwiriko sanatulukemo. Anatisiya Lachiwiri pa 21 Novembala 2023, ali ndi zaka 73, mwana wawo wamkazi ali pambali.

Ena mwafunsa chifukwa chake alamu sali nafe pano. Lachiwiri lomwelo ana anawauza. Alamu analira ngati mwana, mpaka anagwa pansi. Pofika masana anali ataiwala, nafunsa kuti akazi awo ali kuti. Tinawauzanso, naliranso ngati akumva koyamba. Banja lagwirizana kuti sitiwauzanso. Panopa ali kunyumba ndi mdzukulu wawo wamkulu, chimbale chikuyimba m'chipinda chogona. M'mawa uno ndikutuluka anandigwira mkono, nandipempha kuti nditseke chitseko pang'onopang'ono, chifukwa mayi akuyeserera nyimbo. Choncho tikupempha: mukabwera kudzawaona, musawapepese. Apatseni moni, mukhale nawo pang'ono, mumvere limodzi.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ife abale awo awiri. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, oyimba amene anasiya ntchito zawo kudzathandiza, anansi amene ankatsala ndi alamu ife tili kuchipatala, ndi inu nonse amene mwabwera kudzalira nafe.

Alongo anga, alamu tiwasamala. Mzimu wanu uuse mu mtendere.