Uthenga wa Maliro Umene Unachedwa

Basi ya ku Ntchisi inachedwa kufika pa siteji ya Dowa. Bambo Elifala, mkulu wa mpingo, anayang'ananso chisoti choyera cha mlendo amene anakhala naye pabenchi.

"Mwati mumaphunzitsa mbiri yakale ku Zomba, a Jafali? Nanga kuno mwadzatani?"

"Ndikufuna wondilozera phanga limene anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo za Angoni."

"Tsitsani mawu, bambo, anyamata a chipani ali apo. Za mitundu sitikamba masiku ano. Ndiponso amene ankagula anthu ogwidwa kumeneko ndi inu Ayao."

"Ndikudziwa. Ndinalemba zimenezo, ndipo kwathu ena anasiya kundipatsa moni."

"Ndiye mukufuna mukaonenso chiyani? Mafupa athu?"

"Ayi. Mayi a bambo anga anagwidwa m'phangamo ali kamtsikana. Anamwalira ku Mangochi atakalamba, mphini zachichewa zili kumaso. Tinawaika Chisilamu, koma kwawo kuno sitinatumize uthenga wa maliro. Sitinkadziwa womuuza."

Bambo Elifala anavula chipewa chawo.

"Uthenga wotere sitilandirira pamsewu, mwanangu. Tikatsike basi limodzi, mukaunene kumudzi kwathu, kufupi ndi phangalo, anthu atakhala pansi."