Thirayango Wogona Chagada

Masiku amenewo sitima ya ku Nayuchi inali itangoyamba kumene kuyenda, mbuzi zikuthawabe zikamva kulira kwake, ndipo ine ndinali mnyamata wa Fomu 2 wa miyendo yotuwa, kusukulu ina ya mbali ya kwa Nselema. Shakira, taika kaye foniyo pansi, nawe Yamikani sendera kuno, makinawa ndayamba ndawaimitsa, mwini diresiyu abwera mawa. Ndakuona bwino iwe Shakira. Wajambula samu ya m'bukumo, foni yakulavulira yankho, iwe n'kukopera mwaukhondo, ndipo nditakufunsa kuti ekisiyo wakhala bwanji seveni, wandiyankha kuti foni yatero. Mawu amenewo andikumbutsa munthu amene ndinkaganiza kuti tinamuika kalekale, koma ndaona kuti anangolowa m'thumba mwako.

Anali aphunzitsi athu a masamu. Dzina lawo lenileni lisiyeni, ana awo alipo ndipo ena amasoketsa malaya pakhonde pompano. Ife tinkawatchula kuti a Chonchobasi, chifukwa ukangofunsa kuti zatheka bwanji, ankakuyang'ana ngati waponda pamphasa ndi matope, n'kunena kuti, “Ndi choncho basi.” Pa aljebra ankati timizere tiwiri tija mumati ikwozi ndi chipata cha m'malire cha pa Nayuchi, ndipo nambala ikawoloka imasintha dzina, yophatikiza isanduka yochotsera, yochulukitsa isanduka yogawa. Chifukwa chake? Ankati pachipata safunsa mafunso, amangodinda. Ndiye ife tinkawolotsa manambala tsiku lonse ngati anyamata a katundu, osadziwa mwini katunduyo kapena kumene akupita.

Masamu a mwayi, omwe akukuzunguzani mutu chaka chinowa, ife sitinawalawe n'komwe. M'buku munali chithunzi cha madayisi, ndipo mwana wina atakachionetsa kwawo, mudzi wonse unamva kuti kusukulu ayamba kuphunzitsa juga. A shehe ndi a katekisiti, anthu oti ankapatsana moni wa patali, tsiku limenelo anayenda njira imodzi mpaka ku ofesi ya a hedi. A Chonchobasi sanalimbane nawo, ndipo ine ndimakhulupirira mpaka lero kuti mumtima anathokoza, poti mutu umenewo iwonso unkawazungulira. Anatiuza kuti masamba amenewo tiwamate ndi phala, ndipo tinamatadi. Lero amalume anu akubetcha mpira pafoni kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, mwayi wopambana sadziwa kuuwerengera, ndipo palibe wawamatira foni ndi phala.

Koma nkhani yanga ili pa thirayango, chinthu cha ngodya zitatu chija, ndiponso pa achemwali anga a Asiyatu, agogo ako iwe Shakira, amene anabereka mayi ako. Anali aakulu kwa ine, koma tinali kalasi imodzi chifukwa anachedwa kuyamba sukulu, ankalera ife. Kunyumba kunali nkhani. Bambo wina wa golosale ku Nayuchi, amene mkazi wake anali atamwalira, anayamba kufika kwa atsibweni athu, achimwene awo a amayi, ndi shuga ndi nsalu, ndipo atsibweni shugayo anamukonda kwambiri.

“Mwana wamkazi masamu adzawerengera chiyani, nkhuku?” anatero atsibweni tsiku lina, atakhala pampando wa abambo.

“Achimwene, mulekeni alembe kaye mayeso,” amayi anawapempha. “Akufuna unamwino mwanayu.”

“Chabwino, alembe. Dzina lake likatuluka, apitirize, ine ndikabweza mawu kwa bambo uja. Likapanda kutuluka, musadzandivutenso.”

Anavomera msanga chonchi chifukwa ankadziwa kuti pasukulu pathu mayina otuluka ankakwana pa dzanja limodzi. Ndiye mumve bwino, ana inu. Ife enafe tinkalembera mayeso a JC kuti tisakwapulidwe, koma achemwali ankalembera kuti asakwere sitima.

Tsono a Chonchobasi, poona kuti choko chimasowa ndipo oyendera sukulu amakonda khoma looneka lophunzira, anapempha penti yotsala kutchalitchi n'kujambula thirayango wamkulu pakhoma la kutsogolo. Anamuimika bwinobwino, mzere umodzi wogona pansi, wina woima chilili kumanzere, wachitatu wotsamira ngati makwerero. Ndipo anatipekera nyimbo: “Chogona sikweya, choima sikweya, phatikiza, sikweya ruti, chotsamira chapezeka.” Tinkaimba m'mawa, tinkaimba masana, mpaka amayi opita kuchigayo anaidziwa, ena n'kumasinjira nayo chimanga. Oyendera sukulu atabwera tinawaimbira m'mawu anayi, anyamata a besi kumbuyo, ndipo analemba kuti masamu pasukulu pano akuyenda bwino zedi.

Achemwali okha ndi amene nyimbo sinkawakwanira. Iwo ankathandiza amayi kupinda samusa zogulitsa pamsika, ndipo tsiku lina popuma ndinawapeza atajambula thirayango pamchenga ndi kamtengo, akumuzungulira, aima uku, aima uko. Anandiuza kuti, “Taona, samusa ukaiponya m'beseni imagwa mmene yafunira, koma ndi samusa yomweyo. Uyunso ndi yemweyo. Mzere wautaliwu nthawi zonse umayang'anizana ndi ngodya ya bokosiyi, kaya wagona kaya waima.” Ine ndinangoti eya, maso ali kumpira.

Cholakwa chawo chinali chakuti anakazinena m'kalasi. Anatembenuza kope lawo, n'kuimika dzanja.

“Aphunzitsi, nanga akabwera atatembenuka chonchi, chogona chikhala chiti?”

“Abwera atatembenuka wamutembenuza ndani?” anatero a Chonchobasi. “Thirayango wa boma ali ndi poimira pake. Kope si chitumbuwa choti uzitembenuza m'mafuta. Ndi choncho basi.”

Kalasi yonse inaseka, ndipo achemwali anapatsidwa tsache kuti akasese bwalo mpaka kumipanda ya nyumba za aphunzitsi. Anasesa, koma madzulo ndinaona kuti pamene anathera kusesa anasiyapo tizithirayango tating'ono pamchenga, tina chagada, tina chammbali.

Tsiku la mayeso a masamu linafika nyengo yotentha ija, malata akulira okha. Khoma la thirayango analiphimba ndi mphasa kuti tisaonere, ngati kuti panali wina amene akanamuiwala. Woyang'anira mayeso anachokera kutauni, bambo wa tayi ndi nsapato zolira, ndipo anatikhazika motsatira mayina a makolo, ndiye ine ndinakhala pafupi ndi achemwali, kanjira kakang'ono pakati pathu. Aljebra tinawolotsa manambala athu mmene tinazolowera. Funso la madayisi tinalilumpha ngati matope. Kenako tinatsegula tsamba lomaliza, pamene panali funso la malikisi ambiri.

Ana inu, thirayango anabwera atagona chagada. Mzere wautali uja unali pansi, ngodya ya bokosi ili pamwamba ngati denga la nyumba. Chogona chinalipo, inde, koma choima panalibe, ndipo zotsamira zinali ziwiri. Ndinayamba nyimbo chamumtima, “Chogona sikweya,” n'kufika pa choima, nyimbo inathera pomwepo. Ndinayambiranso, inatheranso pomwepo. Nditakweza maso ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala: kalasi yonse itapinda makosi, wina kumanja, wina kumanzere, mnyamata wina wamtali mutu utatsala pang'ono kugunda desiki, onse akuyesa kumuimika thirayango ndi khosi. Kukhudza pepala palibe analimba mtima, poti tonse tinkakumbuka tsache lija. Ukanalowa mwadzidzidzi ukanati nkhuku zagwidwa chitopa.

Mapeto ake tonse tinachita zofanana. Tinatenga mzere wapansi n'kuutcha chogona, tinasankha chotsamira chimodzi n'kuchikakamiza kukhala choima, tinaphatikiza pamene pamafunika kuchotsera, ndipo tinapeza mzere waufupi wotalika kuposa wautali. Sizinatidabwitse n'komwe, chifukwa nyimbo inali itatha bwino.

Achemwali sanapinde khosi. Ndinamva pepala lawo likukhwekhwereza padesiki, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti anangolizunguza pang'onopang'ono mpaka ngodya ya bokosi inakhala pansi kumanzere, n'kuona kuti chimene akufunsa ndi choima, ndiye pafunika kuchotsera. Anali atalemba mizere iwiri, yankho lili pafupi, pamene nsapato zolira zija zinaima pakati pathu. Pepala lotembenuzidwalo linali litaloza kwa ine.

“Ukumuonetsa ndani?” anafunsa woyang'anira.

“Iyayi, bwana, sindikuonetsa munthu. Ndimamuimika thirayangoyu.”

“Ukumuimika? Amene anasindikiza pepalali ku likulu sadziwa kuimika? Uyu ndi ndani wako?”

“Mchimwene wanga, bwana.”

“Basi, nkhani yatha.”

Ndinaimirira n'kunena kuti sindinaone kanthu, ayang'ane pepala langa aone ngati zikufanana. Linali umboni wabwino kwambiri, chifukwa yankho langa linali lopusa ngati la wina aliyense. Koma bambo uja sanabwere kudzawerenga masamu, anabwera kudzagwira wakuba, ndipo kubwerera kutauni chimanjamanja kukanamuchititsa manyazi. Anandikhazika pansi ndi chala chimodzi, analemba mzere wofiira papepala la achemwali kuchokera ngodya ina kufika ina, n'kuwalozera khomo. Achemwali anatuluka osalira, atanyamula kabokosi kawo ka makompasi. Ine ndi amene ndinalira, mamina ndi misozi papepala la boma.

Zotsatira zitabwera, masamu tonse tinagwa, ndipo makolo anaitanitsa msonkhano. A Chonchobasi anavala jekete, anachotsa mphasa pakhoma, n'kuloza thirayango wawo. “Makolo, onani nokha. Uyu ndiye ndinaphunzitsa ana anu, woima bwinobwino. Koma a ku likulu anatitumizira wakugwa, woti ngakhale pa silabasi palibe. Amatero akafuna kuti ana a kumudzi asapite patsogolo.” Makolo anawomba m'manja, agogo ena anatukwana a ku likulu, ndipo anagwirizana kuti alembe dandaulo lopempha kuti chaka chamawa atumize thirayango woima. Za mtsikana amene anamuimika yekha palibe anazitchula. Patapita zaka zochepa a Chonchobasi anakwezedwa kukhala a hedi kusukulu ina, ndipo ndinamva kuti kumenekonso anafika ndi chitini cha penti.

Ine dzina langa linatuluka, pamapeto penipeni, chifukwa Chichewa ndi mbiri zinandinyamula. Ine amene ndinapeza mzere waufupi wotalika kuposa wautali, boma linati ndakhoza. La achemwali silinatuluke, pakuti wogwidwa akubera ankamufufutira mayeso onse. Atsibweni sanadikire ngakhale kuti mvula idutse. Amayi anayesa kunena kuti mwanayu anamunamizira, koma atsibweni anangoti pangano linali la dzina, ndipo dzina palibe. Achemwali tinawaperekeza pa Liwonde popita ku banja ku Nayuchi, ndipo sitima itayamba kusuntha anandiponyera kabokosi ka makompasi kaja pawindo, n'kunena kuti, “Kumene ndikupitaku sikakagwira ntchito.” Bambo wa golosale uja sanali wankhanza, ndisamunamizire ali kumanda. Koma achemwali ankafuna kuvala zoyera m'chipatala, ndipo anakalamba akuyeza mchere ndi palafini. Zimandiwawa mpaka lero, ana inu, ndipo ndikamaseka a Chonchobasi ndimaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Ndiye musamandiuze kuti masiku ano zinthu zinasintha chifukwa muli ndi foni. Ife tinkaloweza za pakhoma, inu mukukopera za pagalasi, ndipo m'chipinda cha mayeso khoma amaliphimba, foni amalanda pakhomo. Yamikani, usaseke, iwe ndi amene unandiuza dzana kuti ndalama ikagwa mutu katatu ndiye kuti kachinayi igwa mchira chifukwa yatopa. Foniyo ifunseni, sindikukuletsani, koma ikakupatsani yankho muziifunsanso kuti zatheka bwanji, ndipo ikalephera kukufotokozerani mpaka mumve, muziidziwa dzina lake, ndi Chonchobasi.

Shakira, tsiku lija agogo ako anakubweretsa kuno ku Balaka kuti uzikhala ndi ine uziphunzira, iwe unathamangira kumsika kukaona masiketi. Iwo anakhala pa benchi wakhalapoyo, anatulutsa buku lako la masamu m'chikwama, n'kumatsegula masamba pafupi ndi mphuno, poti maso anayamba kuchita khungu. Anapeza thirayango, anazunguza bukulo pang'onopang'ono pamiyendo pawo, n'kuika chala pamzere wautali. Kenako anati, “Achimwene, funso lija yankho lake linali thwelofu. Ndinatsala pang'ono kulemba.”

Tsono zimitsa foniyo, mdzukulu wanga. Samu yachiwiriyo ndaiona, thirayango wake nayenso wabwera atagona chagada. Litembenuze bukulo mmene ukufunira, pano palibe amene akulande.