Ndinavula Nsapato Panjira ya ku Tembwe

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Lameck Goma wa ku Chama. Sindine munthu wolankhula zambiri, koma abusa andipempha kuti ndilembe zimene zinachitika ntchito itandithera. Ndavomera chifukwa mpaka lero zimandidabwitsa.

Ndinayendetsa galimoto ya boma zaka zambiri. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 ambiri tinachotsedwa ntchito. Ndi ndalama zimene anandipatsa pondichotsa ndinagula galimoto yakale yolimba, yoyenda m'tchire. Cholinga changa chinali chakuti munthu azibwereka galimoto pamodzi ndi dalaivala wake, monga ndinkanyamulira mabwana: malaya osita, mipando yopukuta, kumutsegulira chitseko.

Koma ku Chama ndani ankafuna kutseguliridwa chitseko? Anthu ankafuna kupachika matumba a mpunga, mbuzi ndi njinga. Anzanga a mavaneti, timagalimoto tonyamula anthu ndi katundu, ankadzaza mpaka pamwamba. Ine ndikanena kuti katundu wakwana, okwera ankatsika n'kupita kwa iwowo. Pamsika ankanditcha a Bilimankhwe chifukwa chochita zinthu pang'onopang'ono.

Pofika dzinja lachiwiri, nyumba inkadalira zitumbuwa zimene mkazi wanga, Nyazimba, ankagulitsa. Ndinagwirizana ndi munthu wina wa ku Lundazi kuti Lachisanu adzagule galimotoyo. Popanda iyo sindikanakhalanso dalaivala, ndipo ntchito ina sindinkaidziwa. Popemphera sindinapemphe chozizwitsa. Ndinangofunsa kuti, "Ambuye, kodi luso limene munandipatsali linali la chiyani?"

Lachitatu m'mawa kunabwera mayi wina wachilendo, Mayi Gondwe, wochokera ku Mzuzu, kutsidya kwa malire. Mlongo wawo anamwalira ku Tembwe kumene anakwatira, ndipo maliro anali oika masana omwewo. Dalaivala amene anabwera naye anakana kupitirira pa boma atamva kuti mitsinje yadzaza. A mavaneti nawonso anali atapita kale, choncho mayiwo anandipempha ine kuti ndiwaperekeze.

Tinayenda bwino mpaka pa mtsinje wina wopanda mlatho. Madzi sanali ambiri, ndipo mikwingwirima ya galimoto zadzulo inkaoneka bwinobwino ikulowa m'madzimo. Ndinaimika galimoto, ndinavula nsapato, ndinapinda buluku.

"Adada, mukufuna kusamba tsopano?" anatero Mayi Gondwe. "Maliro sadikira munthu."

"Pepani amama, ndifunse kaye eni mtsinje."

Chakumtunda kunali amayi atatu akuchapa. Ndili pa ntchito ya boma ndinaphunzira kuti mitsinje ya m'chigwa chathu imasuntha mchenga mvula ikagwa, ndipo amene amadziwa za lero ndi amayi amene aponda m'madzimo m'mawa. Mikwingwirima imanena za dzulo zokha. Ndinawalonjera mwaulemu.

Wamkulu wawo anaseka. "Abwana a galimoto afunsa ife? Lero mvula igwa kawiri! Mukatsata njira yakaleyo mugona pomwepo. Pitani kumunsi, pamene pali bango lowerama."

Ndinalowa ndi ndodo kuti ndione ndekha. Panjira yakale, ndodo inamira yonse osagunda pansi. Kumunsi kunali mchenga wolimba, madzi ofika m'mawondo. Tinawolokera kumeneko. Pa mtsinje wachiwiri ndinachitanso chimodzimodzi, ndipo ulendo uno Mayi Gondwe anatsika okha kukandithandiza kufunsa. Tinafika bokosi likutuluka m'nyumba. Analiimika, ndipo iwo anaona nkhope ya mlongo wawo.

Tsiku lotsatira tinauyamba ulendo wobwerera. Panjira Mayi Gondwe anayamba mafunso. Kodi njira ya ku Chifunda ndimaidziwa? Ndinawolokapo malire? Ndingaphunzitse ena kuyendetsa motere? Ndinayankha mwachidule, osadziwa kumene akulowera. Potsika anandiuza kuti ntchito yawo ndi kukonza maulendo a alendo a mipingo ndi azaumoyo oyendera mbali zonse ziwiri za malire, ndipo chimene chimawavuta si galimoto koma madalaivala. Anafuna kuti sabata yotsatira ndikatenge alendo awiri pachipata cha malire.

Lachisanu wogula uja anafika. Ndinamupepesa kuti galimoto sindigulitsanso, ndinamulipirira ulendo wobwerera. Nyazimba anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "A Goma, lonjezo la munthu wolira mwalikhulupirira?" Kunena zoona, nanenso ndinali ndi mantha. Koma alendowo ndinawapezadi pachipata, atakhala pa masutukesi awo.

Kuyambira pamenepo ntchito inakula mwa njira imene sindinaikonze. Alendo ankauzana okha. Ndinatenga zikalata zowolokera malire, ndinayamba kufika ku Mzimba ndi ku Mzuzu. Ndinaitana anzanga awiri amene tinachotsedwa limodzi, tinagula galimoto ina, kenaka ina. Zaka za m'ma 1990 zisanathe tinali ndi kachipinda ka ofesi ku Mzuzu, ndipo mmodzi wa ife ankafika mpaka ku Mbeya, ku Tanzania. Kumeneko ndinaphunzira kuti dziko lililonse lili ndi anthu ake oyenera kuwafunsa: kwina ndi oweta ng'ombe, kwina ogulitsa nthochi pamphambano.

Pali chimene sindinachimvetsebe. Thandizo langa linadzera m'misozi ya munthu wina. Sindikhulupirira kuti Mulungu anatenga mlongo wa Mayi Gondwe chifukwa cha ine, ayi. Koma ndimaona kuti pa tsiku limodzi anatonthoza iwo ndipo anadzutsa ine, pogwiritsa ntchito amayi atatu ochapa amene mayina awo sindinawafunse. Ndimamuthokoza, ndipo ndikupempha kuti nanunso muwakumbukire m'mapemphero.

Inu amene ntchito yakutherani, kapena amene mumasekedwa chifukwa chogwira ntchito mosamala, musasiye. Pitirizani kuchita chimene mukudziwa kuti n'cholondola, ngakhale wokwera akung'ung'udza. Ndipo musachite manyazi kufunsa, kaya kwa Mulungu kaya kwa munthu amene ali ndi sopo m'manja. Ambuye akudalitseni.