A Natepi ndi Chipata cha Fakitale ya Malata

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene abale andituma kuimirira pano ndine mlongo wawo, mzime wa mayi athu. Malemuwa ndi amene anandibereka kumsana ndili khanda, choncho abusa, anamfedwa ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza, mundikhululukire mawu akamandithawa.

Anayamba sukulu mu 1968. Bambo athu anali kalipentala, ndipo malemu akaweruka ankakhala pansi pa tebulo lawo n'kumajambula nyumba patimatabwa totsala. Mu 1980 anasankhidwa kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba, ndipo m'kalasi monse mkazi anali iwo okha. Mu 1984 analembedwa ntchito pakampani ina yojambula mapulani. Kumeneko amisiri anawapatsa dzina loti a Natepi, chifukwa m'chikwama mwawo simunkasowa tepi yoyezera. Ngakhale paukwati wanga, anthu ali kalikiliki kuvina, iwo anali pakhomo la holo kuyeza chitseko, n'kundinong'oneza kuti moto utabuka tonse tikanafera pomwepo.

Pa 20 Ogasiti 1988 anamanga banja ndi alamu athu akhala apawa, amene nthawi imeneyo ankaphunzitsa kusekondale. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Pazaka zotsatira malemu anajambula masukulu, mosungiramo katundu ndi nyumba za anthu zambirimbiri, koma ntchito imene inawakhala pamtima inabwera mu 2009.

Chaka chimenecho eni fakitale ina yaikulu ya malata anawapempha kuti akonze chipata chatsopano, nyumba ya alonda ndi chipinda cholandiriramo alendo. Kale magalimoto ndi anthu ankalowera pachipata chimodzi. Katundu ankabedwa, ndipo mayi wina wobweretsera amuna ake chakudya anagundidwa ndi lole ikubwerera m'mbuyo. Malemu sanayambe ndi kujambula ayi. Anayamba apita kukakhala pachidebe pambali pa chipata chakalecho, kuona mmene anthu amapanikizana pa nthawi yoweruka, mmene ofuna ntchito amaimira padzuwa, mmene mlonda amathamangira uku ndi uku atanyamula ambulera.

Pambuyo pake anapatula njira. Malole anawapatsa chipata chawochawo chokhala ndi sikelo. Ogwira ntchito anawaikira kachipata kozungulira kodutsa munthu mmodzimmodzi. Nyumba ya alonda anaiika pakati, ya mawindo mbali zitatu kuti mlonda aziona ponseponse ali chikhalire, ndipo anaonjezamo chimbudzi ndi mpopi, zimene alonda sanali nazo chiyambire. Chipinda cha alendo anachiloza kumsewu, kuti munthu azitha kukhala pabenchi, pansi pa denga, asanalowe n'komwe m'fakitale.

Pamenepo ndi pamene panavuta. Eni ake anati chipinda chotseguka chotero chidzadzaza ndi ofuna ntchito ndi ogulitsa malonda. Anafuna kuti chitseko chake chizikhala chokhoma, mlendo aziyamba wayankhula ndi mlonda kudzera pawindo la galasi lochindikala, ndipo mlondayo akakhutira azidina batani chitseko n'kutseguka. Khonde limene malemu anajambula kunja kwake analichotsanso. Achemwali anga analimbana nawo miyezi ingapo, mpaka kunyumba nkhani inali yomweyo, alamu n'kumaseka kuti akwatira chipata. Koma mwini nyumba ndi mwini nyumba. Benchi inatsala, khonde linapita, batani linaikidwa. Chipatacho chinatsegulidwa mu Juni 2011, ndipo chitsegulireni palibe munthu anagundidwanso pamenepo.

Mu 2017 tinayamba kuona zachilendo. Munthu amene ankasunga miyeso ya nyumba yonse m'mutu anayamba kufunsa funso limodzi kangapo. Tsiku lina anaima pamphambano ya kufupi ndi kwawo osadziwa kolowera. Ife tinkati n'kutopa. Madokotala atawapima anati ndi matenda oiwala, amene amadya nzeru pang'onopang'ono, ndipo anatiuza mosabisa kuti mankhwala ochiza palibe, amene alipo ndi ochedwetsa chabe. Tinapita kwa dokotala wachiwiri ndi wachitatu, mawu ake omwewo. Mu 2018 malemu anapuma pantchito.

Mu 2021 anayamba kudzuka m'mawa, kuvala bwinobwino, kutenga chikwama n'kunyamuka. M'maganizo mwawo chipata chija chinali chisanathe, ndipo amisiri ankawadikira. Tinayesa zonse zimene munthu angayese. Tinakhoma geti, iwo n'kuligwedeza akulira mpaka manja kutupa. Tinabisa nsapato, anapita opanda nsapato. Mwana wawo wamkazi anasiya ntchito kudzawasamalira, koma mayi ake ankamuona ngati mlendo, n'kumamufunsa kuti wabwera kudzafuna yani. Alamu anga, munthu amene moyo wake wonse wakhala akuyankha mafunso a ana a eni, anandiuza tsiku lina kuti: “Mlamu, ndikawatsekera ndikuwazunza, ndikawasiya ndikuwataya. Nditani?”

Amene anatipepuza ndi alonda a pachipata paja. Mkulu wawo anali atagwira ntchito pamenepo kuyambira nthawi ya chipata chakale, ndipo a Natepi ankawadziwa bwino. Akangowaona akubwera ankadina batani, kuwakhazika pabenchi, kuwapatsa tiyi, n'kuimbira foni alamu. Malemu ankatulutsa tepi n'kumayeza zenera, kuyeza khoma, alonda n'kumawagwirira mbali inayo ngati ndi ntchito yeniyeni. Akamaliza ankabwerera kunyumba nkhope ili yowala. Zinayenda choncho pafupifupi zaka zitatu, ndipo ifenso mtima unakhala pansi, poti tinkadziwa kowapeza.

Kumayambiriro kwa Febuluwale chaka chino, fakitale inasintha kampani yolondera. Alonda akale onse anawatumiza kwina. Ife sitinamve, ndipo panalibe amene akanaganiza zotiuza.

Pa 6 Febuluwale m'mawa, alamu anapita kuchipatala kukatenga mankhwala a malemu. Mwana wawo anali kuseri akuchapa. Malemu anatuluka. Atafika pawindo lija anapeza mlonda watsopano, amene anawafunsa mwaulemu dzina lawo, amene abwera kudzamuona, ndi chiphaso. Dzina lawo linawathawa. Anangoti abwera kudzayeza. Mlondayo anaimbira kuofesi, kuofesi anati sakuyembekeza munthu aliyense woyeza. Choncho sanatsegule. Mvula inayamba, yamphamvu. Akuti malemu anaima pomwepo kanthawi, dzanja lili pachitseko, kenaka anatembenuka n'kuyamba kutsata mpanda wa fakitale, mbali imene kulibe nyumba.

Alamu atabwerera anaimbira mkulu wa alonda uja, amene anawauza kuti salinso kumeneko. Anathamangira kuchipata, mlonda n'kuwalozera kumene mayi aja analowera. Tinabalalika tonse. Tinafunsa m'maokala, pamalo okwerera basi, kupolisi, kuchipatala. Tinkaitana dzina limene mwini wake sankalidziwanso. Chakumadzulo dalaivala wina wa lole ndiye anawaona atakhala m'ngalande m'mbali mwa msewu, atanyowa chinyowereni, akunjenjemera. Anawafunditsa jekete yake n'kuwatengera kuchipatala.

Madokotala anati ndi chibayo, ndipo chagwira mapapo onse awiri. Anawaika pampweya, anawapatsa mankhwala aliwonse amene analipo, koma thupi linali litafooka kale. Ife tinkangosinthana pampando wa pambali pa bedi, kuwanyowetsa milomo, kuyang'ana. Tsiku lina anatsegula maso n'kuona alamu atawagwira dzanja. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti: “Zikomo bambo, ndinu munthu wabwino. Akazi anu ali ndi mwayi.” Amenewo ndiwo mawu omaliza amene tinawamva. Anatisiya pa 13 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 62.

Pali mawu amene alamu andipempha kuti ndinene pamaso pa nonse. Tamva kuti ena akumuloza chala mlonda watsopano uja. Bamboyu anabwera yekha kuchipatala kudzapepesa, ndipo lero ali pakati pathu. Banja likuti musiyeni. Anali asanathe n'komwe sabata pantchitoyo, sankawadziwa malemu, ndipo anachita zimene anamulembera. Tikati tifufuze wolakwa, alamu ati ndi iwo poti anachoka pakhomo, mwana ati ndi iye poti anali kuseri, ine nditi ndine poti tsikulo ndinali ndi mpata wokawaona koma sindinapite. Takhala tikuzunguzika mutu chonchi kuyambira tsiku limenelo ndipo palibe chimene chabwerera. Bambo, musanyamule katundu ameneyu nokha, ndi wolemera.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, wamkazi mmodzi ndi aamuna awiri, zidzukulu zisanu, ndi ife abale awo atatu amene tatsala ndi moyo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mpaka pomaliza. Ndikuthokoza dalaivala amene anaimitsa lole yake pamene ena ankangodutsa. Ndikuthokoza mkulu wa alonda ndi anzake onse akale, amene anawasunga achemwali anga ngati mayi awo. Ndikuthokoza a mpingo, anzawo a kuntchito, amisiri amene apanga bokosi ili osafuna kanthu, anansi amene anayenda nafe m'mvula, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe.

Achemwali, tinakufunani pamene munali nafe m'nyumba, tinakufunani m'misewu, ndipo paliponse tinafika mochedwa. Kumene mwapitako Mwini wake akukudziwani ndi dzina, ngakhale inu munaliiwala. Mzimu wanu uuse mumtendere.