Masitepe asanu amene ndinamanga ndekha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse owerenga mawu awa. Dzina langa ndine Lusiyano, mmisiri womanga nyumba wa ku Chiuta, tsidya lino la malire ndi Malawi. Ndikufuna ndikuuzeni za zaka zitatu zimene ndinakhala osalowa m'tchalitchi, chonsecho tchalitchicho chili pafupi ndi kwathu, moti nyimbo zimamveka ndili pakhonde.

Ntchito yomanga ndinaiphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo. Mtendere utabwera, ine ndi mkazi wanga Rozaliya tinabwerera n'kupeza mudzi uli tchire lokhalokha. Tchalitchi cha njerwa zowotcha chimene tinamanga nthawi imeneyo ndinachiyang'anira ndine. Kwathu kuno mvula ikakula madzi a kudambo amafika pakati pa mudzi, choncho ndinakweza maziko n'kuika masitepe asanu pakhomo. Mayi wina, a Nasiweta, amene anaduka mwendo ndi bomba lokwirira, anandifunsa kuti iwo azikwera bwanji. Ndinawayankha kuti, "Anthu alipo, azikunyamulani." Ndinali ndi pakamwa masiku amenewo. Mayiwo anabwera kawiri kokha, kenako sitinawaonenso, ndipo ine sindinafunse.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Rozaliya atamwalira, chaka chotsatira ndinagwa padenga la nyumba ina ku tauni ya kumalire ya Entre Lagos n'kuthyoka msana. Miyendo sinadzukenso. Ndinapeza njinga ya olumala, ya matayala atatu yopalasa ndi manja, ndipo Lamulungu loyamba ndinapalasa mpaka pa masitepe anga aja. Amuna anayi anandinyamula ngati thumba la makaka, wina akuti kwezani uko, wina akuseka, malaya atapindika mimba ili pamtunda. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinalumbira kuti sindidzabwereranso.

Poyamba anthu ankabwera kudzandiona. Ine ndinkawalandira ndi ukali, ngati kuti ndi iwo anandigwetsa, ndipo pang'onopang'ono anasiya. Sindiwaimba mlandu. Lamulungu ndilo linali tsiku lowawa. Anthu akadutsa atatchena, mudzi unkangoti zii, n'kutsala ine ndi nkhuku. Ndinkamva nyimbo ikuyamba, ndinkadziwa mawu a munthu aliyense, ndinkadziwanso pamene Rozaliya akanalowera akanakhala ali moyo. Ndinali ndekha, abale, ndipo kusungulumwa kunkandipweteka kuposa msana.

Mwana wanga Marita, amene anakwatiwa ku Liwonde, anandiimbira foni kuti tikakolola adzanditenga. Ndinavomera. Koma mumtima ndinadziwa kuti ndikuthawanso kachiwiri, ulendo uno popanda mfuti, kusiya manda a mkazi wanga ndi makoma onse amene ndinaimika. Ndinapemphera pemphero limodzi lokha, mwina mokalipa: "Ambuye, ndiloleni ndilowenso m'nyumba yanu ndili moyo, osati m'bokosi."

Lachiwiri lina m'mawa kunafika mayi wachitsikana pa njinga yamoto, atavala mpango wa Chisilamu. Anati dzina lake ndi Asiyatu, mwana wa msodzi wa ku Amaramba, ndipo anaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Nampula. Tchalitchi chakale chinali chitang'aluka, mpingo unamupempha kuti ajambule chatsopano. Ine zonsezi sindinkazidziwa. Iye ankafuna kudziwa pamene madzi amalekezera komanso kuti tinakumba maziko akuya bwanji, ndipo anamuuza kuti wodziwa ndine ndekha.

Ndinamuyankha mwachidule kuti azipita. Iye m'malo mopita anatsegula kompyuta n'kuiika pamiyendo panga. "Mesitere, iyi si pulani ya papepala. Mukhoza kulowamo n'kuyenda," anatero, akundiitana ndi dzina laulemu la mmisiri wamkulu. Anandionetsa kabatani kokhala ndi muvi woloza kutsogolo, ndi pamene ndingakhwekhwereze chala kuti nditembenuze mutu.

Ndinadina. Tchalitchi chimene chinali chisanamangidwe chinayamba kuyandikira, ngati ndikuyenda panjira. Ndinakwera masitepe osamva kanthu, ndinadutsa pakhomo, ndinayenda pakati pa mabenchi mpaka kuguwa, dzuwa likulowera m'mawindo. Ndinatembenuka n'kuyang'ana mbali ya amayi. Munalibe munthu ngakhale mmodzi, koma misozi inatsika. Ndinazungulira katatu, Asiyatu atayang'ana kumbali kuti asandichititse manyazi.

Kenako umisiri unadzuka. Ndinafunsa kuti maso amene ndikuonera ndi a munthu wamtali bwanji. Anati ndi a munthu woimirira, koma akhoza kusintha. Ndinamuuza kuti ayeze kuchokera pansi kufika m'maso mwanga ndili panjinga. Anayeza ndi tepi, analemba nambala, n'kundibwezera panja kuti ndiyambirenso. Tsopano zonse zinakula. Masitepe, amene anali asanu ndi awiri, anaima patsogolo panga ngati chulu. Ndinafika pa loyamba n'kuchotsa chala pakabatani.

"Pitirizani, imakwera yokha," anatero Asiyatu.

"Iyo imakwera. Ine ndathera pano, mwanangu."

Asiyatu anati akulu a mpingo anamuuza kuti akweze kuposa kale, monga mmene Mesitere Lusiyano anachitira, chifukwa madzi sanalowepo m'tchalitchi chake. Mawu amenewo anandilasa. Ndinamufotokozera za a Nasiweta, nkhani imene ndinali ndisanauzepo munthu.

Tinagwira ntchito mpaka masana. Ndinamuuza kuti madzi amachokera kudambo, ndiye mbali inayo ndi youma, ndipo kumeneko tikhoza kuyala njira yokwera pang'onopang'ono motsata khoma. Yoyamba anajambula yotsetsereka kwambiri, ndinamuuza kuti mikono yanga si injini. Anaitalikitsa. Anafuna kuti ithere pa kachitseko kakumbuyo, ine ndinakana, chifukwa munthu wobwera kudzapemphera salowera kumbuyo ngati wakuba. Anaikhotetsa mpaka inafika pakhomo lalikulu, pamene onse amalowera. Ndinadinanso kabatani kaja ndi maso a munthu wokhala pansi, ndipo ndinalowa. Zoonadi mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Asiyatu anakaonetsa akulu a mpingo pa msinkhu womwewo wa munthu wa panjinga, aliyense anayenda yekha n'kuima pa masitepe. Sabata yomweyo anabwera kwathu anthu asanu ndi mmodzi kudzandipempha kuti ndiziyang'anira ntchito. Ndinawapepesa chifukwa cha ukali wanga, ndipo Marita ndinamuuza kuti asavutike ndi ulendo. Tinamanga zaka ziwiri, ine ndili panjinga ndi chingwe changa choyezera, ndikukalipira osakaniza simenti ngati kale. Tsiku lotsegulira ndinapalasa ndekha kuchokera pakhonde langa mpaka pabenchi lachitatu, osandigwira munthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero la munthu wamakani kudzera mwa mwana wa chipembedzo china, ndiponso kudzera m'nyumba imene inali isanakhale ndi njerwa ngakhale imodzi. Inu amene mwatsekeredwa panja, pirirani, musasiye kupempha, ngakhale pempherolo lituluke mokalipa. Koma inu amene muli m'kati, Lamulungu likubwerali muwerenge amene sakuoneka, ndipo mukawafunse chifukwa. Ine ndinafunsa mochedwa. Ntchito itatha ndinafufuza za a Nasiweta kuti ndikawaitane, ndipo anandiuza kuti anabwererapo kamodzi m'tchalitchi chakale chija, ine ndili kogwira ntchito ku Entre Lagos. Anawakweza masitepe anga asanu aja ali m'bokosi.